Mayi Christiane Taubira: mafunso ndi mayankho pa ndale zawo

Dzina la mayi Christiane Taubira limangotulukatuluka anthu akayamba kukangana za ukapolo, za chipukuta misozi kapena za ndale za ku France, ndiye ndaona kuti bola ndingosonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera aja ndiwayankhe kamodzi. Ena ndangodutsapo chifukwa mulibe zambiri, ena ndatalikitsa ndithu, mundipirire.

Kodi mayi Taubira ndi ndani kwenikweni?

Ndi mayi wandale wa ku France, anabadwa pa 2 Febuluwale 1952 mumzinda wa Cayenne ku French Guiana. Analeredwa ndi mayi awo okha amene ankagwira ntchito kuchipatala, banja la ana ambiri ndalama zochepa, koma mutu unali wakuthwa moti anapita ku Paris kukaphunzira zachuma ndi za kakhalidwe ka anthu, atabwerera kwawo anayamba ndi uphunzitsi. Anakhala phungu ku nyumba ya malamulo ya France, ija amati Assemblée nationale, kuyambira 1993 mpaka 2012, anawina mpando umenewo kanayi konse, ndipo pakati pomwepo kuyambira 1994 mpaka 1999 analinso phungu ku palamenti ya Europe. Kenako anakhala nduna ya zachilungamo kuyambira Meyi 2012 mpaka Januwale 2016 nthawi ya pulezidenti François Hollande. Ku France lamulo limakonda kutchedwa ndi dzina la amene analikankha, ndiye alipo malamulo awiri amene onse anthu amangoti loi Taubira, lina la 2001 la ukapolo lina la 2013 la ukwati, ndipo musawasokoneze chifukwa amene amaombera m'manja loyambalo si onse amene amakondwa ndi lachiwirilo.

French Guiana ili ku South America, ndiye munthu wa kumeneko akhala bwanji nduna ku France?

Funso limeneli limabwera pafupipafupi ndipo si lopusa ayi. French Guiana si dziko loima palokha, ndi chigawo cha France kuyambira 1946, ngakhale ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 7,000 kuchoka ku Paris, yachita malire ndi Brazil ndi Suriname. Anthu ake ndi nzika za France, ndalama yawo ndi euro, amavotera pulezidenti wa France ndipo amatumiza aphungu ku Paris ngati chigawo china chilichonse. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 84,000 koma anthu ndi cha m'ma 300,000 basi, kwina konseko ndi nkhalango. Ku Kourou ndi kumene mayiko a ku Europe amaulutsira maroketi awo, koma mukangochoka pamenepo pang'ono mupeza ulova ndi umphawi woposa wa ku France kwenikweniko, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kunaumba ndale za mayiwa. Komanso si iwo oyamba, Gaston Monnerville wa ku Cayenne komweko anatsogolera nyumba yachiwiri ya malamulo ya France kwa zaka zoposa 20 mpaka 1968.

Ndi zoona kuti poyamba ankafuna kwawoko kuchoke m'manja mwa France?

Zoona. M'zaka za m'ma 1970 anali m'gulu lomenyera ufulu wodzilamulira lotchedwa MOGUYDE limodzi ndi amuna awo a nthawi imeneyo a Roland Delannon. Zimenezi anazisiya François Mitterrand atalowa m'boma mu 1981, poona kuti anthu ambiri a ku Guiana sankafuna kuchoka. Adani awo sanaiwale, atakhala nduna ankangowakumbutsa kuti munthu amene ankafuna kuthawa France lero ndi amene akusunga chidindo cha dzikolo.

Anali a chipani chanji?

Apa ndi pamene pali nkhani, chifukwa yankho lachidule ndi lakuti sanakhalepo mwana wa m'nyumba wa chipani chachikulu chilichonse. Kwawo ku Guiana anayambitsa kachipani kawo kotchedwa Walwari kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Atangolowa m'palamenti mu 1993 anadabwitsa anthu povotera boma la Édouard Balladur amene anali wa mbali ya kumanja, ija yosunga zakale. Chaka chotsatira anakalowa ku palamenti ya Europe pa mndandanda wa Bernard Tapie, bambo wabizinesi uja amene analinso mwini timu ya mpira ya Marseille. Kenako anayamba kuyenda ndi chipani cha Socialist koma osagula khadi, kenako anakhala wa Parti radical de gauche, kachipani kakang'ono ka kumanzere. Mu 2004 pamene aphungu pafupifupi onse anavomereza lamulo loletsa zizindikiro zachipembedzo ngati hijabu m'sukulu za boma, iwo anali m'gulu la ochepa amene anati ayi. Kuima paokha kumeneku kunawapatsa ulemu, koma monga muonere kumapetoku kunawasiyanso opanda anthu owasenzera katundu pa nthawi imene ankawafunitsitsa.

Lamulo la 2001 la ukapolo lija limanena chani?

Ndi lamulo la pa 21 Meyi 2001, lalifupi kwambiri, mukhoza kuliwerenga tiyi asanazizire. Ndime yoyamba imati dziko la France likuvomereza kuti malonda a akapolo a pa nyanja ya Atlantic ndi a pa nyanja ya Indian, komanso ukapolo umene unachitika kuyambira zaka za m'ma 1400 kwa anthu a ku Africa, eni nthaka a ku America, anthu a ku Madagascar ndi a ku India, unali mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu. Ndime yachiwiri imati nkhani imeneyi ipatsidwe malo oyenera m'masilabasi a sukulu ndi m'kafukufuku. Palinso zoti pakhale tsiku lokumbukira, ndipo kuyambira 2006 France imakumbukira pa 10 Meyi, lomwe ndi tsiku limene nyumba yachiwiri ya malamulo, Sénat, inamaliza kuvomereza biluyo.

Kuti mumvetse chifukwa chake zinali zazikulu muyenera kudziwa mmene France inkaifotokozera mbiri yake. Ana asukulu ankaphunzira kuti France inathetsa ukapolo mu 1848 ndipo dzina limene ankaloweza ndi la mzungu Victor Schoelcher, basi, nkhani yathera pomwepo ngati kuti dzikolo linangokhala mpulumutsi. Zoti linathetsa koyamba mu 1794 kenako Napoleon n'kuubwezeretsa mu 1802, zoti madoko ngati Nantes ndi Bordeaux analemera ndi zombo za akapolo, zoti akapolowo ankadziukira okha, sizinkamveka kwenikweni. Mu 1998 pokumbukira zaka 150 chithetsereni ukapolo anthu masauzande ambiri ochokera ku zilumba za France za ku Caribbean ndi ku Guiana anaguba mwakachetechete mu Paris pa 23 Meyi kunena kuti ife ndife zidzukulu za akapolowo, mutiwerengeko. Mayi Taubira anatenga mkwiyo umenewo n'kuusandutsa bilu, anaipereka m'nyumba mu Febuluwale 1999 ndipo inatenga zaka ziwiri ikungopita uku ndi uku pakati pa nyumba ziwirizo isanadutse.

Ndiye France inalipira chipukuta misozi?

Ayi ndithu, olo senti. Bilu yoyamba inali ndi ndime yokhudza kuunika za kubwezera zimene zinaonongeka, koma anaidula ikadali ku komiti, ndipo ambiri amati ikanakhalamo lamulolo silikanadutsa. Chowawa n'choti chipukuta misozi chinaperekedwapo kale koma kwa olakwika, mu 1849 boma la France linalipira eni akapolo chifukwa cha "katundu" amene anataya, ndipo mu 1825 linalamula dziko la Haiti kulipira mafranki 150 miliyoni kuti livomereze ufulu wake. Ndiye amene amati lamuloli ndi mawu chabe sakunama kwenikweni. Ine ndimangoti mawu olembedwa m'lamulo ndi osiyana ndi mawu a pamsonkhano wandale, chifukwa mwana wa ku Lyon lero amakumana ndi nkhaniyi m'buku la kusukulu pamene agogo ake sanaimvepo.

Kudandaula kwina kunachokera kwa akatswiri a mbiri yakale. Mu 2005 gulu la iwo linalemba kalata yoti si ntchito ya palamenti kuuza anthu mmene mbiri iyenera kumvekera, makamaka mnzawo wina, Olivier Pétré-Grenouilleau, atasumiridwa pa zimene ananena zokhudza ukapolo, mlandu umene pambuyo pake osumawo anauchotsa. Ena ankafunsa kuti bwanji lamulolo likungoloza azungu osatchula malonda a Aluya kapena mafumu a mu Africa amene ankagulitsa anzawo.

Nanga ife kuno zikutikhudza pati?

Zikutikhudza pa mawu aja akuti nyanja ya Indian. Ambiri tikamva za ukapolo kwathu timangoganiza za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi msika wa ku Zanzibar, koma Jumbe asanabwere n'komwe Afalansa anali kale ogula akuluakulu pa gombe la kum'mawa. Ankafuna anthu okagwira ntchito m'minda ya pa zilumba zawo, Réunion ndi Mauritius imene nthawi imeneyo inkatchedwa Île de France, ndipo mu 1776 wamalonda wina wachifalansa dzina lake Morice anapangana ndi sultani wa ku Kilwa kuti azimupatsa akapolo 1,000 pa chaka. Njira zopita ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique zinkachokera mkati muno, kumadera a nyanja yathu yomweyi, ndipo pa zilumbazo anthu onse ochokera kuno ankangowatchula kuti a Mozambique, koma m'kati mwawo munali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Ndiye lamulo la mayi wa ku Cayenne likunenanso za abale athu amene sanabwerere.

Kwinanso kumene anatikhudza ndi mu 2008, pulezidenti Nicolas Sarkozy anawapempha kuti alembe lipoti pa mapangano a zamalonda a EPA pakati pa European Union ndi mayiko a ku Africa, Caribbean ndi Pacific (ACP), omwe Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali momwemo, ndipo lipotilo linadzudzula mapanganowo kuti akhoza kupha alimi ang'onoang'ono a mayiko osauka.

Akuti ndi iwo anagwetsa Lionel Jospin mu 2002, zoona?

Mlandu uwu wawatsata zaka zonsezi. Pa 21 Epulo 2002 anaima nawo pa chisankho cha pulezidenti, mayi wachikuda woyamba kutero ku France, ndipo anapeza mavoti 660,447, kapena kuti 2.32 peresenti. Ku France amavota kawiri, awiri apamwamba okha ndi amene amapita ku ndime yachiwiri, ndiye aliyense ankangoti adzakhala pulezidenti Jacques Chirac ndi Jospin wa Socialist amene anali nduna yaikulu. Zotsatira zitatuluka anthu anagwira pakamwa, Jospin 16.18 peresenti, Jean-Marie Le Pen wa Front National, chipani cha kumanja kwenikweni, 16.86, kusiyana kwake mavoti osafika 200,000. Ndiye masamu ake ndi osavuta eti, mavoti a mayi Taubira akanapita kwa Jospin bwenzi atadutsa.

Koma masamu omwewo amagwiranso kwa ena. Opikisana analipo 16, Jean-Pierre Chevènement anapeza kupitirira 5 peresenti, Noël Mamère wa zachilengedwe chimodzimodzi, Arlette Laguiller nayenso, osawerengera anthu oposa kota amene sanapite n'komwe kukavota. Kusankhapo mmodzi amene anapeza zochepa n'kumusenzetsa mtolo wonse ine ndimaona ngati kufuna pothawira, Jospin yemweyo kampeni yake inali yozizira. Zogawana mavoti ife sitichita kuuzidwa, tinaziona tokha tisanayambe 50+1.

Garde des Sceaux ndiye kuti chani?

Ndi dzina lachikale la nduna ya zachilungamo, tanthauzo lake wosunga zidindo, chifukwa chidindo chachikulu cha dziko chimene amadinda pa malamulo akuluakulu chimasungidwa ku ofesi yake pa Place Vendôme. Chinthu china chosiyana ndi kwathu, ku France munthu sangakhale nduna ndi phungu nthawi imodzi, ukasankhidwa unduna mpando wa uphungu umausiyira wokuimira amene munaima naye pa chisankho. Mayi Taubira iwo sanaimenso n'komwe pa chisankho cha aphungu cha Juni 2012.

Nkhani ya ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha, inali maganizo awo?

Linali lonjezo la Hollande pa kampeni, nambala 31 pa malonjezo ake 60, koma poti malamulo a ukwati ali pansi pa unduna wa zachilungamo, amene anaima kutsogolo ndi iwo. Ndikudziwa kuti owerenga ambiri kuno nkhaniyi saigwirizana nayo, ine ndingofotokoza mmene inayendera. Ku France ukwati umene boma limauwerengera ndi wa pamaso pa meya basi, wa kutchalitchi kapena kumzikiti ndi mwambo wapadera, ndiye lamuloli linakhudza wa kwa meyawo komanso kulera ana amasiye, silinakakamize wansembe kapena shehe aliyense kudalitsa ukwati. Ngakhale zinali choncho dziko linagawikana pakati, pa 13 Januwale 2013 otsutsa a gulu la La Manif pour tous anadzaza Paris, apolisi anati anali 340,000 pamene eni ake ankati anayandikira miliyoni.

Mkangano m'nyumba unayamba pa 29 Januwale, otsutsa anabweretsa zosintha zoposa 5,000 pofuna kuchedwetsa, aphungu ankakhala mpaka m'bandakucha, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Apa ndi pamene dziko linawadziwa mayiwa, ankalankhula osayang'ana pepala, kuyala mbiri ya ukwati ku France kuyambira nthawi imene Apulotesitanti ankakanizidwa, kuponyamo ndakatulo za pamtima, nthawi zina kuseka mpaka kulephera kupitiriza, moti ngakhale ena otsutsa ankavomereza kuti pakamwa pokha mayiwa anadalitsidwa. Voti yomaliza inali pa 23 Epulo 2013, 331 ovomereza 225 okana, lamulo linasainidwa pa 17 Meyi ndipo France inakhala dziko la nambala 14 kuchita zimenezi, South Africa inali itachita kale mu 2006.

Zoti ankawafanizira ndi nyani zinachitikadi?

Zinachitika, ndipo kangapo m'miyezi yochepa kumapeto kwa 2013. Mayi wina amene ankafuna kuimira Front National pa chisankho cha makhansala anaika pa Facebook chithunzi chawo pambali pa mwana wa nyani, ku Angers kamtsikana kamene kanabwera ndi akuluakulu ku zionetsero kanawakuwiza kakugwedeza nthochi, kenako nyuzipepala ya Minute inaika za nyani ndi nthochi zomwezo pa tsamba loyamba ndipo khothi linailipitsa faindi ya ma euro 10,000. Iwo chimene anadandaula poyera sichinali chipongwecho chokha koma kuti akuluakulu a dziko anachedwa kutsegula pakamwa. Tangoganizani, nduna yosunga chidindo cha dziko, ndiye wosesa mu sitima wa khungu lomwelo zimamuthera bwanji.

Bwanji a kumanja ankati ndi nduna yolekerera zigawenga?

Chifukwa cha lamulo la pa 15 Ogasiti 2014. Nthawi ya Sarkozy mu 2007 anakhazikitsa zoti munthu wobwereza mlandu azipatsidwa chilango chosatsika pa mlingo wakutiwakuti, woweruza afune asafune. Mayi Taubira anachotsa zimenezo n'kubwezera mphamvu kwa oweruza, anabweretsanso chilango chatsopano chotchedwa contrainte pénale, choti wolakwa milandu ing'onoing'ono azikhala kunja koma akuyang'aniridwa kwambiri m'malo mokamuunjika kundende, poti nthawi imeneyo akaidi anali oposa 65,000 pamene malo anali osafika 60,000. Manuel Valls, mnzawo wa m'kabineti yemweyo amene anali nduna ya zam'dziko, analimbana nawo kwambiri pa bilu imeneyi mpaka inatuluka yofewetsedwa. Kunena zoona chilango chatsopanocho oweruza sanachigwiritse ntchito kwenikweni, ndende sizinaphwe, ndipo boma la Emmanuel Macron linadzachiphatikiza ndi zilango zina. Ndiye onse awiri ananama, amene ankati atsegula zipata za ndende ndi amene ankati asintha zonse.

Zimene anthu satchula kawirikawiri ndi lamulo la 2013 loletsa nduna kulamula oimira boma pa milandu mmene ayendetsere mlandu wa munthu wakutiwakuti, komanso ofesi yapadera yofufuza katangale ndi kuzemba misonkho imene inakhazikitsidwa itaphulika nkhani ya Jérôme Cahuzac, nduna ya bajeti imene inkabisa ndalama kunja. Analinso ndi pogwa pawo, mu Malichi 2014 ananena kuti sankadziwa zoti ofufuza akumvetsera mafoni a Sarkozy, kenako pofuna kudziyeretsa anakweza mapepala awiri pamaso pa atolankhani, atolankhaniwo anangojambula n'kukulitsa zithunzizo, n'kupeza kuti mapepalawo akusonyeza kuti ofesi yawo inkauzidwa.

N'chifukwa chani anatula pansi udindo?

Zigawenga zitapha anthu 130 ku Paris pa 13 Novembala 2015, Hollande analengeza kuti asintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu wa unzika wa mayiko awiri akapezeka wolakwa pa zauchigawenga azilandidwa unzika wa France, ngakhale atakhala kuti anabadwa ali Mfalansa. Mayi Taubira anakana, ankati munthu amene wakonzeka kudziphulitsa sangaope kulandidwa pasipoti, ndipo chimene lamulolo lingachite ndi kuuza mamiliyoni a ana a anthu ochokera ku Algeria, Morocco, Mali ndi kwina kuti Ufalansa wawo ndi wobwereka. Mu Disembala anauza wailesi ya ku Algeria kuti ganizolo lasiyidwa, mawa lake lomwe kabineti inalivomereza, manyazi ake osanena. Paja amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, anapirira mwezi wina umodzi anthu akuwanena kuti akukakamira mpando, koma pa 27 Januwale 2016, tsiku limene biluyo inkayamba kukambidwa ku komiti, anachoka. Analemba pa Twitter kuti nthawi zina kukana ndi kukhala, nthawi zina kukana ndi kuchoka, anapereka ofesi kwa Jean-Jacques Urvoas n'kutuluka pa geti atakwera njinga yawo yakapalasa, imene ankayendera ngakhale ali nduna. Pa 30 Malichi Hollande anasiya bilu ija chifukwa nyumba ziwiri zinalephera kugwirizana, ndipo mu Disembala chaka chomwecho polengeza kuti saimanso ananena yekha kuti ganizo limenelo ndi limene amanong'oneza nalo bondo.

Nanga mu 2022 zinatha bwanji?

Zinatha moipa, tisabise. Kwa zaka zambiri achinyamata a kumanzere ankawapempha kuti aime, iwo n'kumangozengereza, ndipo mu Sepitembala 2021 anakhumudwitsa ambiri atakana kuuza anthu a kwawo ku Guiana mwachindunji kuti akabayitse katemera wa Covid. Analengeza zoima pa 15 Januwale 2022 ku Lyon, kutangotsala miyezi itatu, akunena kuti akufuna kugwirizanitsa a kumanzere onse, koma m'malo mochepetsa opikisana anangokhala wina woonjezera. Pa 30 Januwale anawina chipulula cha pa intaneti chotchedwa Primaire populaire chimene anavota anthu pafupifupi 392,000, vuto linali loti opikisana ena a kumanzere, Jean-Luc Mélenchon, Yannick Jadot ndi Anne Hidalgo, anali atanena kale kuti zotsatira zake sizikuwakhudza.

Ndiye panabwera nkhani ya masiginecha. Ku France kuti dzina lako lilowe pa balota uyenera kupeza anthu osankhidwa 500, mameya, aphungu ndi makhansala a zigawo, oti akusainire, ndipo ntchito imeneyo imafuna chipani chokhala ndi anthu m'midzi oyenda khomo ndi khomo kwa mameya. Mu 2002 anali ndi Parti radical de gauche yowachitira zimenezo, ulendo uno chipanicho chinawasiya pakati pa Febuluwale. Pa 2 Malichi anasiya mpikisano ali ndi masiginecha 181 okha. Kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote ananena kuti voti yawo ipita kwa Mélenchon, amene anathera pa nambala 3 ndi 21.95 peresenti, kumbuyo kwa Marine Le Pen, mwana wa Le Pen yemwe uja wa 2002, amene anapeza 23.15.